Mfuti Zakale M'mphepete mwa Nyanja ku Nkhotakota: Lamulo, Kasamalidwe ndi Kuwombera Chandamale

M'mabanja ena a m'boma la Nkhotakota mukupezekabe mfuti zimene makolo anasiya. Zina ndi za gogodera, zothira wonga chakukamwa, ndipo zina ndi timfuti ta m'manja totchedwa volovolo. Zambiri zimakhala zokulungidwa m'chiguduli pansi pa sutikesi kapena zotsomekedwa kudenga, ndipo eni ake amaziona ngati chikumbutso cha agogo basi. Komatu ukalamba suchotsa ukali wa mfuti. Chimene umachotsa ndi kulimba kwa chitsulo chake, kotero kuti mfuti yakale imatha kupweteka amene yalozedwa ndiponso amene waigwira. Nkhani ino ikufotokoza kumene mfuti zoterezi zinachokera, zimene lamulo likufuna kwa wozisunga, kasamalidwe kake m'dera la chinyezi, ndi zoyenera kuganizira munthu asanayese kuwombera nazo chandamale.

Mmene mfuti zinafikira ku Nkhotakota

Nkhotakota inadziwana ndi mfuti kale kuposa madera ambiri a dziko lino. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, wamalonda wachiswahili, anakhazikika padooko la kumeneku nakhala woyamba mwa olamulira otchedwa Jumbe. Zombo zake za matanga zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo unkapitirira pansi mpaka ku Kilwa. Pobwerera, amalondawo ankabwera ndi nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti. Mfuti inali katundu wamalonda, inalinso chida chimene chinkachititsa kuti malondawo atheke. David Livingstone anafika kuderali mu 1861, nadzabweranso patapita zaka zochepa, ndipo mtengo umene anakumanirana pansi pake ndi Jumbe umakumbukiridwabe m'tauni ya Nkhotakota.

Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe Tawakali Sudi, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain. Chaka cha 1890, mayiko amene anasonkhana ku Brussels anagwirizana zochepetsa kulowa kwa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, koma analola kuti mfuti zachikale zothira wonga zizigulitsidwabe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene gogodera anafalikira m'midzi, pamene volovolo inakhala ya anthu owerengeka, monga akuluakulu a asilikali, atsamunda, eni minda ikuluikulu ndi amalonda olemera. Pofika mu 1895 ulamuliro wa a Jumbe unali utatha.

Mfuti zina zinabwera pambuyo pake. Gulu la asilikali la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902, linatenga amuna ambiri a dziko lino kukamenya nkhondo ziwiri za dziko lonse. Enanso anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku Joni, nabwera ndi katundu wamitundumitundu. Kenaka nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inasiya mfuti zambiri zikuyendayenda m'malire. Choncho mfuti imene banja likuitcha ya agogo ikhoza kukhala ya zaka zoposa 100, kapena ikhoza kukhala ya posachedwapa imene inagwiritsidwapo ntchito pa umbanda. Kusiyana kumeneku sikuoneka ndi maso a munthu wamba.

Volovolo yakale ndi yotani

Volovolo ndi mfuti ya m'manja yokhala ndi kagudumu ka mabowo, kawirikawiri 5, 6 kapena 7, mmene mumalowa zipolopolo. Kanyundo ka kumbuyo kakakokedwa, kagudumu kamazungulira kuti bowo limodzi lilunjikane ndi mpope, ndipo kanyundoko kakagwa kamamenya kumbuyo kwa chipolopolo n'kuyatsa wonga. Samuel Colt wa ku America analembetsa luso la mfuti yotereyi mu 1836. Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson inayamba kupanga kamfuti ka mabowo 7 kogwiritsa ntchito chipolopolo chaching'ono chotchedwa .22 Short. Nambala imeneyi ikunena za kukula kwa bowo la mpope poyeza m'mainchesi, ndipo ndi pafupifupi mamilimita 5.6. Bowo la .32 ndi pafupifupi mamilimita 8. Mu 1872 kampani ya Webley ya ku Birmingham inatulutsa volovolo ya m'thumba yotchedwa British Bull Dog, imene amisiri a mumzinda wa Liège ku Belgium anaitengera napanga zambirimbiri zotsika mtengo, zina za bowo laling'ono, zomwe zinagulitsidwa m'mayiko ambiri.

Chofunika kwambiri kudziwa pa mfuti za nthawi imeneyo ndi mtundu wa wonga umene zinapangidwira. Poyamba kunali wonga wakuda wokha, wotulutsa utsi wambiri ndi mwaye. Mu 1884 Paul Vieille wa ku France anapanga wonga wopanda utsi, umene unafala pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Wonga watsopanowu umakankha mwamphamvu kwambiri, ndipo chitsulo cha mfuti zambiri zakale sichinapangidwe kuti chipirire mphamvu yotero. Chipolopolo cha masiku ano chikhoza kulowa bwinobwino m'bowo la volovolo yakale, koma kulowa si umboni wakuti n'choyenera. Khoma la pakati pa mabowo a kagudumu ndi lopyapyala, ndipo likang'ambika zidutswa zake zimalasa dzanja ndi nkhope ya wowombayo, ngakhalenso amene aima pambali.

Volovolo zambiri zakale zilibenso chotchinga chimene mfuti za masiku ano zili nacho pakati pa kanyundo ndi chipolopolo. Mfuti yotere ikagwa pansi n'kumenyetsa kanyundo, imatha kulira popanda wina kuikhudza. Kuchepa kwa bowo nakonso kusanamize munthu. Chipolopolo cha .22 chimapha, ndipo chikawomberedwa chokweza chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi.

Zimene lamulo likufuna

Lamulo loyang'anira mfuti m'dziko muno ndi Firearms Act la chaka cha 1967, limene lili pa mutu 14:08 wa malamulo a Malawi. Mwa lamuloli munthu wamba saloledwa kugula, kulandira kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda chilolezo. Ntchito yolemba mfuti m'kaundula ndi kupereka ziphaso ili m'manja mwa apolisi, amene likulu lawo lili ku Area 30 mumzinda wa Lilongwe, ndipo munthu wa ku Nkhotakota amayambira ku polisi ya m'boma lake. Chiphaso chimakhala ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ikatha chiyenera kukonzedwanso.

Chiphaso chimaperekedwa kwa munthu mmodzi pa mfuti yodziwika. Sichilowa m'gulu la chuma cha masiye ngati njinga, ng'ombe kapena bwato. Mwini mfuti akamwalira, mwana kapena mphwake amene watsala nayo sakhala mwini wake wovomerezeka chifukwa chakuti akubanja amupatsa pogawa katundu. Achibale ayenera kudziwitsa apolisi msanga, ndipo amene akufuna kuisunga apemphe chilolezo m'dzina lake. Chimodzimodzinso, si mwini mfuti amene amagamula kuti mfuti yake ndi yakale kwambiri kapena yakufa moti lamulo siliikhudza. Oyenera kuunika zimenezo ndi apolisi.

Malawi ndi limodzi mwa mayiko a SADC amene anasaina pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo mumzinda wa Blantyre mu Ogasiti 2001. Panganoli likulimbikitsa kuti mfuti iliyonse ikhale ndi chizindikiro chake ndipo ilembedwe m'kaundula. N'chifukwa chake kufufuta nambala ya mfuti, kaya mwadala kaya pofuna kuiwalitsa, kumaika mwini wake m'mavuto. Mu 2017 bungwe la African Union linasankha mwezi wa Sepitembala chaka chilichonse kuti ukhale wolimbikitsa anthu kupereka mwaufulu mfuti zimene akusunga popanda chilolezo. Komabe banja limene lapeza mfuti m'nyumba lisadikire mwezi umenewo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pokadziwitsa apolisi, mfuti isanyamulidwe m'thumba kukwera nayo minibasi kapena kabaza. Munthu apite yekha chimanjamanja, kapena atsagane ndi a nyakwawa, akafotokoze za mfutiyo, ndipo apolisi ndiwo anene mmene itengedwere. Amene waipeza polima, pokumba maziko kapena pophwasula nyumba yakale aisiye pomwepo, athamangitse ana, ndipo akanene.

Chinyezi, dzimbiri ndi kasamalidwe

Zimene zikutsatirazi zikukhudza munthu amene ali ndi chiphaso. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, koma mpweya wa m'mphepete mwake ndi wachinyezi, makamaka nthawi ya dzinja kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, pamene madambo a mpunga amadzaza ndipo makoma a nyumba amanyowa. Dzimbiri limafuna zinthu ziwiri zokha, madzi ndi mpweya, ndipo mchere umalifulumizitsa. Mcherewo umachokera m'thukuta la m'manja, moti chala chimene chagwira chitsulo n'kusiyidwa chosapukuta chimatha kusiya chidindo chofiira pakangopita masiku ochepa. Mwaye wa wonga wakuda umakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo zoyatsira za zipolopolo zambiri zakale zimasiya mchere m'mpope. Mfuti imene inawombedwa zaka zambiri zapitazo n'kuikidwa osatsuka imakhala itadyeka m'kati ngakhale kunja ikuoneka yabwino.

Asanaigwire n'komwe, mwini mfuti aiyese ngati ili ndi chipolopolo. Ailozetse kumene kulibe munthu, chala chikhale kutali ndi chokokera, ndipo atsegule kagudumu n'kuyang'ana bowo lililonse. Ngati kagudumu kakana kutseguka chifukwa cha dzimbiri, asakamenye ndi nyundo kapena kukawotcha pamoto, chifukwa m'kati mukhoza kukhala chipolopolo chamoyo. Gogodera ndiye woopsa koposa pankhaniyi, popeza m'kati mwake simuoneka, ndipo alenje ankakonda kumusunga wothira kale. Wonga wakuda ukakhala pouma umayakabe ngakhale patapita zaka zambiri. Mfuti zoterezi zipite kwa katswiri wa zida amene apolisi angalozere.

Posamala mfuti yakale, cholinga ndi kuletsa dzimbiri kuti lisapitirire, osati kuibwezera kuwala kwa unyamata wake. Kuda kapena kufiirira kosalala kumene kwakuta chitsulo kwa zaka zambiri ndi mbali ya mbiri ya mfutiyo, ndipo akatswiri a zinthu zakale sakuchotsa. Mchenga, phulusa, sandipepala ndi waya wokwechera mapoto zimakalakala chitsulo n'kufufuta zilembo. Mandimu, viniga ndi asidi wa batire zimadya chitsulo chenichenicho. Mafuta ophikira, kaya a mtedza kapena a mpendadzuwa, amauma n'kusanduka ulimbo umene umagwira tizitsulo ta m'kati. Girisi ndi oyilo wakuda wochokera m'injini zimabwera ndi litsiro lawo. Chofunika ndi nsalu yofewa ya thonje ndi timadontho ta mafuta opepuka, a mfuti kapena a makina osokera. Mafutawo apakidwe pang'ono kwambiri, ongokwana kutseka mpweya. M'mpope mudutse kansalu konyowetsedwa ndi mafuta, kokankhidwa ndi kamtengo kosalala kapena kandodo kamkuwa, osati waya wachitsulo.

Chogwirira cha mfuti chisakhudzane ndi mafuta. Thabwa likamwa oyilo limada n'kufewa, ndipo zogwirira za labala wolimba, zimene zinali zofala pa timfuti ta m'thumba, zimasweka mosavuta zikakalamba. Ngati chogwiriracho chikuoneka ngati cha mnyanga wa njovu, mwini wake anene zimenezo poyera kwa apolisi ndi kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire, chifukwa mnyanga uli ndi malamulo akeake. Kumasula mfuti mpaka m'kati si ntchito ya pakhomo. Masipuling'i akale amathyoka, ndipo zida zolowa m'malo mwake sizipezeka m'sitolo.

Posunga, mfuti isakhale m'chikwama chake chachikopa, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo. Isakulungidwe m'chiguduli kapena m'pepala la pulasitiki lomanga zolimba, mmene madzi amachita thukuta kukatentha masana n'kuzizira usiku. Isakwiriridwe pansi, isatsomekedwe kudenga la udzu, ndiponso isagone pa simenti. Malo ake ndi bokosi lachitsulo lokiya, lomangiriridwa kukhoma la m'kati mwa nyumba, lokwezeka kuchoka pansi. Timapaketi toyamwa chinyezi, tonga timene timapezeka m'makatoni a nsapato, timathandiza ngati tikusinthidwa kapena kuumitsidwa pafupipafupi. M'dzinja mfuti iyang'anidwe kamodzi pa mwezi. Zipolopolo zikhale m'bokosi lina lokiyanso, ndipo makiyi akhale ndi mwini chiphaso yekha.

Zilembo zimene zili pa mfuti zikopedwe m'kope ndi kujambulidwa: dzina la wopanga, nambala, ndi tizidindo ting'onoting'ono ta pa kagudumu ndi pa mpope. Tizidindoti tinkaikidwa ndi nyumba zoyesa mfuti, monga ya ku Birmingham imene inakhazikitsidwa mu 1813 ndi ya ku Liège imene chidindo chake chodziwika ndi zilembo ELG m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira. Katswiri amatha kudziwa kuchokera pa tizidindoti dziko limene mfuti inapangidwa, nyengo yake, ndi mtundu wa wonga umene inayesedwa nawo. Pambali pa zimenezi, banja lilembe zimene akuluakulu akukumbukira: amene anabwera nayo, kumene anaitenga, ndi ntchito imene ankagwira. Popanda mbiri imeneyi mfuti yakale imangokhala chitsulo.

Kodi mfuti yakale iwombedwe?

Kuwombera chandamale ndi masewera odziwika padziko lonse. Analipo pa mpikisano woyamba wa Olimpiki wa makono mumzinda wa Athens mu 1896, ndipo mpaka lero pali mipikisano ya mfuti za m'manja za .22 pa mtunda wa mamita 25. Koma ochita masewerawa amagwiritsa ntchito mfuti zamakono zoyesedwa bwino. Ngakhale m'mayiko mmene anthu amasonkhanitsa mfuti zakale, ambiri saziwomba, ndipo amene amaziwomba amatero mwa apo ndi apo, katswiri ataziunika, ndi zipolopolo zofooka zopangidwira mfuti zimenezo.

Katswiri amayang'ana ngati m'mpope muli maenje a dzimbiri, ming'alu kapena potupa. Amayang'ana ngati kagudumu kamaima nji pamene kanyundo kakokedwa, ndiponso ngati bowo lake limalunjikana bwino ndi mpope. Likapanda kulunjika, chipolopolo chimamenya m'mphepete mwa mpope ndipo zidutswa za mtovu zimathothokera m'mbali. Amayang'ananso mpata wa pakati pa kagudumu ndi mpope, pamene moto umatulukira pa volovolo iliyonse, ndi kulimba kwa chotsekera pa mfuti zimene zimathyoka pakati potsegula. Chimodzi mwa zimenezi chikalephera, mfutiyo yamaliza ntchito yake yowomba, ndipo kuwotcherera sikungaibwezere mphamvu.

Zipolopolo zakale zopezeka pamodzi ndi mfuti zisayesedwe. Zina sizilira, zina zimachedwa kulira, ndipo zina zimalira mofooka n'kusiya mtovu utatsakamira pakati pa mpope. Wowomba akapanda kuzindikira n'kuwombanso, chipolopolo chachiwiri chimagunda choyambacho ndipo mpope umatupa kapena kuphulika. Mfuti ikalira mosiyana ndi nthawi zonse, kuwomba kuthere pomwepo. Ikakana kulira, ikhalebe yolozetsedwa ku chandamale kwa masekondi osachepera 30 isanatsegulidwe. Zipolopolo zotha ntchito zisaponyedwe pamoto, m'chimbudzi kapena m'nyanja, koma ziperekedwe kwa apolisi.

Malo owomberapo ndi ngozi ya pamadzi

Chiphaso cha mfuti si chilolezo chowombera paliponse. Wofuna kuphunzira kapena kuyeserera afunse apolisi za malo ovomerezeka ndi za munthu woyenera kumuyang'anira. Malo oterewa amakhala ndi chimulu chachitali cha dothi lofewa kapena mchenga, chopanda miyala, kumbuyo kwa chandamale, kuti chipolopolo chilichonse chithere mmenemo. Chulu chouma, thanthwe, khoma la njerwa, mgolo ndi tsinde la mtengo sizitchinga modalirika, chifukwa chipolopolo chimatha kunjanja n'kulowera kwina.

Gombe la nyanja limakopa anthu chifukwa limaoneka lopanda kanthu kutsogolo, koma ndi malo oipitsitsa owomberapo. Chipolopolo chikamenya madzi chopendekeka chimadumpha monga umachitira mwala wophwatalala umene ana amaponya pamadzi, ndipo chikadumpha sichitsata njira imene chinalozedwa. Kuwombera botolo loyandama kapena mbalame ya pamadzi ndi kutumiza mtovu kumene maso sakufika. Bwato limene lili pa mtunda wa kilomita imodzi limabisika mosavuta kuseri kwa mafunde, makamaka mwera ukamawomba. M'bango la ku Chia ndi la kumathiriro a Bua mumakhala asodzi otchera ukonde ndi mono amene saoneka kuchokera kumtunda. Pamadooko pamakhala amayi ochapa ndi ana osamba, ndipo usiku nyanja imadzaza ndi nyali za opha usipa. Kuwombera m'mwamba pa chikondwerero kapena poopseza akuba n'koopsa mofananamo, pakuti chokwera chimatsika.

Pamalo ovomerezeka malamulo ake ndi ochepa koma saphwanyidwa. Mfuti imalozetsedwa ku chandamale nthawi zonse. Chala chimafika pa chokokera pokhapokha munthu atakonzeka kuwomba. Zala za dzanja lina sizikhala pafupi ndi kutsogolo kwa kagudumu. Oonerera amaima kumbuyo, osati m'mbali. Aliyense amavala zoteteza maso ndi makutu, popeza ngakhale kulira kwa .22 kumawononga makutu pang'onopang'ono ndipo kumva kukatayika sikubwerera. Mowa ndi chamba sizifika pamalopo. Pomaliza, wowomba asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima kapena kunyamula mwana, chifukwa fumbi la mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa ana. Mfuti imene yawombedwa ndi wonga wakuda itsukidwe tsiku lomwelo ndi madzi ofunda, iumitsidwe bwinobwino, kenaka ipakidwe mafuta.

Kwa alimi

Alimi a m'mphepete mwa nyanja ndi oyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota amavutika ndi mvuu, anyani, nguluwe, ng'ona ndipo nthawi zina njovu. Munda wa mpunga kapena wa chinangwa ukawonongeka usiku umodzi, mtima umathamangira ku mfuti ya agogo. Koma volovolo ya bowo laling'ono singagwetse mvuu kapena njovu. Imangoivulaza, ndipo nyama yovulala ndiyo imapha anthu, mwina mlimi yemweyo, mwina mayi wopita kukatunga madzi m'mawa mwake.

Nkhalango ya Nkhotakota, ya makilomita pafupifupi 1,800 m'bwalo lake, yakhala ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuyambira mu 2015. Njovu zake zinali zitatsika kuchoka pa 1,500 kufika pa zosakwana 100 chifukwa cha kupha mozembera, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Lamulo la National Parks and Wildlife Act, monga linakonzedwera mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu yokhudza nyama zotetezedwa. Kulowa ndi mfuti m'nkhalangoyi popanda chilolezo ndi mlandu, kaya mfutiyo ndi yakale bwanji. Nyama yovutitsa ikanenedwe kwa alonda a nkhalango, kwa apolisi kapena kwa mfumu.

Kwa amalonda

Ogula zitsulo zakutha asalandire mfuti kapena zidutswa zake pa sikelo. Owotcherera ndi osula asakonze mfuti kapena kupangira wina chitsulo chake, chifukwa ntchito imeneyi imafuna chilolezo chapadera. Obwereketsa ndalama asalandire mfuti ngati pinyolo. Oyendetsa galimoto pa msewu wa M5 ndi eni maboti oolotsa katundu kupita ku Likoma kapena kutsidya la Mozambique adziwe zimene zili m'katundu amene atumidwa. Ogulitsa ziboliboli ndi zinthu zakale kwa alendo akumbukire kuti, kuwonjezera pa lamulo la mfuti, lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu za mbiri ya dziko lino ndipo sililola kuti zitulutsidwe kunja popanda chilolezo. Mlendo amene akulonjeza ndalama zambiri pa mfuti ya agogo amakwera ndege n'kupita, mlandu n'kutsalira wogulitsa.

Pamene banja liyenera kusankha

Pali nyumba zimene mfuti siyenera kukhalamo ngakhale chiphaso chilipo: mmene muli ana ndipo mulibe bokosi lokiya, mmene muli nkhanza za m'banja kapena kuledzera, mmene muli mkangano wa malo kapena wa ufumu, ndi mmene wina wasweka mtima chifukwa cha ngongole, matenda kapena imfa ndipo wayamba kulankhula zotaya moyo. Pa nthawi zoterezi achibale apemphe apolisi kuti asunge mfutiyo, ndipo wovutikayo aperekezedwe kuchipatala kapena kwa aphungu.

Banja limene likufuna kuti mbiri ya kholo lawo isafe lili ndi njira inanso. Nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala imasamala zinthu zoterezi ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ku Mangochi ndi ku Karonga. Ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pali mzinga wa sitima ya Gwendolen, imene inamenya nkhondo panyanjayi mu Ogasiti 1914. Mzingawo suliranso, koma ana a sukulu amaphunzirapo mbiri ya dziko lawo. Mfuti ya m'banja imene ili ndi mbiri yodziwika ikhoza kuganiziridwa motero, kudzera mwa apolisi ndi akuluakulu a nthambiyi, ndipo dzina la amene anabwera nayo lingalembedwe pambali pake.

Aliyense amene ali ndi mfuti yakale m'nyumba, kapena akudziwa pamene yabisidwa, akulimbikitsidwa kukaonana ndi apolisi a ku Nkhotakota, a ku Nkhunga ku Dwangwa, kapena a polisi ina iliyonse imene ali nayo pafupi. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a m'madooko ndi magulu a chitetezo cha m'midzi akupemphedwa kufalitsa uthengawu kwa anthu awo.